Buledi wa ba Nkhoma

Ba Nkhoma tinawaika Loweruka lapitali, ndipo onse amene analankhula ku manda ananena zofanana, zoti anali munthu wofatsa, wokonda mtendere, wosayambana ndi mnzake. Ine ndinaima kumbuyo ndi amayi anzanga a chigwirizano cha ku tchalitchi, ndikudzifunsa ngati tikuika munthu wina. Ndakhala nawo moyandikana kuno ku Mtendere, mu Lusaka, zaka zoposa makumi awiri, pakati pathu pali mpanda wa malata akale basi, ndipo ndikukuuzani kuti mkulu uja sanali wofatsa. Anali wouma mutu, wolankhula mosapsatira, ndipo pa mzere wathu palibe khomo limene sanakangane nalo. Inenso ndinakangana nawo. Koma mlandu umene ndili nawo kwa iwo ndi woposa wa pakamwa, ndipo poti mwini wake wapita osaumva, ndaganiza zoulemba.

Dzina lawo linali Lufeyo, ngakhale kuti ine ndinalimva koyamba pa maliro a akazi awo. Bambo awo anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito kuno, monga anabwerera agogo anga, ndipo anathera m'khitchini ya azungu. Mwana naye analowa momwemo. Ba Nkhoma anaphikira mabanja a azungu ku Kabulonga kuyambira alibe ndevu mpaka imvi zitayamba. Nyumba yomaliza inali ya kampani ina ya boma, ndipo makampani atayamba kugulitsidwa, bwana wawo analongedza katundu n'kubwerera kwawo. Mkuluyo anatsala ndi njinga imene ankapitira ku ntchito, zitini ziwiri zophikira buledi, ndi jekete yoyera ya ukhukhi imene ankaichapabe Lolemba lililonse ngakhale panalibenso bwana woti aione.

Ukhondo wawo unkatitopetsa. Ankasamba m'manja mpaka m'zigongono asanagwire supuni. Pa mpopi, ukaika chivundikiro cha ndowa pansi, ankakuimitsa anthu akuona n'kukufunsa ngati kwanu manda alipo okwanira. Ankakonda kunena kuti uve wapha anthu ambiri kuposa mfiti, kungoti uve ulibe nyumba yoti anthu akaigende. Ankanenanso kuti pakamwa pamanama koma m'mimba simunama, choncho wophika wanzeru sasangalala ndi mbale yobwerako yopanda kanthu, amadikira kuona wodyayo mawa lake. Chiwiya sankabwereka ndipo sankabwereketsa. Kuno kwathu, kumene mthiko umodzi umaphika makomo atatu, chimenecho n'chipongwe. Amake Tembo, mtsogoleri wathu wa chigwirizano, anapita tsiku lina kukabwereka sefa, anabwerako chimanjamanja, ndipo anatha chaka osawapatsa moni.

Zaka zawo zomaliza anali ndi chizolowezi china chimene achinyamata ankachiseka. Akafika pa msika pa benchi ya wogulitsa ufa wa mpunga, ankatapa pang'ono, n'kuunyowetsa ndi madzi a m'kabotolo kamene ankayenda nako, n'kumaukoka pakati pa zala kuti aone ngati ukutamuka. Akatero ankafunsa wogulitsayo kuti wasakanizamo chiyani. Sankagula. Anthu ankati mudala wazungulira mutu. Ine ndinkadziwa chimene ankafuna, ndipo ndikawaona ataima pamenepo ndinkadzera mzere wina.

Kuti mumvetse, ndibwerere ku zaka zija zogulitsa makampani. Masitolo anadzaza ndi katundu wochokera kunja, koma amuna athu anali pakhomo, makalata owachotsa ntchito ali m'thumba. Mwamuna wanga anali mmodzi wa iwo. Ndinagula chiwaya n'kuyamba kukazinga vitumbuwa, aja a ku Malawi amati mandasi, ndi kuphika masikono mu uvuni ya dilamu. Sindikudzitama pachabe: a ku Kalingalinga ankawoloka msewu kudzagula kwa amake Sitela, amene ndi ine. Ntchito imeneyo ndiyo inali nkhope yanga pagulu, ndiyonso inaphunzitsa ana anga. Zaka zomwezo maliro ankachitika ngati msika. Matenda aja sitinkawatchula dzina, tinkangoti uje wadwala nthawi yaitali. Joisi, mwana wamkazi wa ba Nkhoma, anadwala nthawi yaitali, n'kusiya kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, dzina lake Malita.

Bambo ake a Malita, Kelvin, ankayendetsa minibasi, ndipo miyezi isanathe anakwatira wina ku komboni ya George. Mwanayo anamusiya kwa agogo ake. Tsiku limene ndinamuona koyamba atatsika pa njinga, ndinadziwa kuti tikhalanso pa maliro posachedwa. Miyendo inali ngati timitengo, mimba yotupa, tsitsi lofiirira ndi losweka, ndipo ku chimbudzi ankapita kasanu dzuwa lisanafike pamutu. Ku kiliniki ankamupatsa timapaketi ta madzi a mchere ndi shuga n'kumubweza. Palibe anafunsa kuti akudwala chiyani. Amake tinali titawaona mmene anathera, ndiye aliyense anali ndi yankho lake kale. Amayi ena ankakokera ana awo m'nyumba Malita akatuluka panja.

Ba Nkhoma okha ndiwo anakana. Ku nyumba ina imene anagwirako kale, mwana wa dona wawo anali chimodzimodzi, wowonda, wa mimba yotupa, wotsegula m'mimba osalekeza, mpaka dokotala anapeza kuti chomupweteka ndi tirigu. Mkuluyo anaphikira mwana ameneyo payekha kwa zaka zambiri, ndi ziwiya zakezake, ndipo anamuona akukula n'kukhala chimtsikana. Tsono anayamba kumuyang'anitsitsa Malita. Anaona kuti akamwa tiyi ndi buledi, mawa lake zinthu zimaipiraipira, koma masiku amene m'nyumba munalibe buledi, mwana atadya phala lokha, ankapezako bwino. Kuyambira pamenepo anatulutsa m'nyumba chilichonse chokhudzana ndi fulawa. Ndi nthawi imeneyo pamene amake Tembo anamanidwa sefa.

Koma mwana wa m'tauni sungamuuze kuti buledi watha mpaka kalekale, anzake akudya iye akuona. Ndiye anayamba kumuphikira wake. Kuseri kwa nyumba anadzala maungu aatali obiriwira, aja azungu amadya akadali anthete n'kumawatcha bebi maro, mbewu yake anachoka nayo ku Kabulonga. Mpunga ankaunyika n'kuusinja okha mu mtondo, chifukwa ku chigayo sankadziwa chimene chagayidwa iwo asanafike. Mwamuna wa imvi atagwira musi chinali chinthu choti anthu azisuzumira pa mpanda, koma iwo sankatembenuka n'komwe. Ufa wa mpungawo ankausakaniza ndi wa chinangwa ndi nsinjiro pang'ono. Maungu ankawakwecha pa chitini chobowola ndi msomali, n'kuwafinya m'kansalu koyera mpaka madzi atasiya kudontha, chifukwa ankati ufa wopanda tirigu sugwirana, ukauchulukitsira madzi umaphula phala. Ankaswera mazira nkhuku zikawakomera mtima, n'kuthiramo mkaka wosasa, soda, timafuta, ndi nthochi zakupsa kwambiri m'malo mwa shuga. Chitini ankachiika m'poto wamkulu wothira mchenga pansi, pa mbaula, makala ena ali pamwamba pa chivundikiro, iwo n'kukhala pambali osachokapo mpaka atapsa. Buledi wake ankatuluka wolemera, woderako, wa timadontho tobiriwira m'kati. Ndinalawako kamodzi. Sanali woipa, koma sindinawauze.

Tsiku limene anthu a pa mzere wathu amawakumbukira nalo ndi lija anatibweza pakhomo. Kuno munthu akadwala supita kukamuona chimanjamanja, ndipo chimene umanyamula ndi buledi. Buledi woyera, wofewa, wa m'sitolo, ndiye amauza wodwala kuti anthu akumukumbukira, ndipo m'zaka zimenezo kumugula kunali kudzimana kwenikweni. Lachinayi lina amayi a chigwirizano tinagula malofu awiri, ine ndinawonjezerapo beseni la masikono otentha, tinavala mayunifolomu athu n'kupita kwa ba Nkhoma tikuimba. Anatichingamira atavala jekete yawo yoyera. Anayang'ana zimene tinanyamula, kenako anaima pakati pa khomo.

"Zikomo amayi, mwachita bwino kubwera," anatero. "Pemphero lowani nalo. Koma buledi ndi masikono zitsale panja."

Amake Tembo anayesa kuwakumbutsa kuti mphatso ya wodwala sibwezedwa, ndi kuti amayi amenewa asiya ana awo osamwa tiyi kuti agule zimenezi. Ba Nkhoma anafotokoza za mwana wa dona uja. Wina kumbuyo anaseka, n'kufunsa kuti matenda a azungu akwera basi iti kuti afike ku Mtendere. Ine ndinalowererapo chifukwa masikono anali anga.

"Ba Nkhoma, aya masikono napika neka lelo m'mawa. Mulibe doti."

"Ndikudziwa, amake Sitela. Kwa ana anu ndi abwino. Kwa uyu ndi poizoni."

Ananena mawu amenewo pamaso pa amayi khumi ndi anthu onse amene anatuluka kudzamvera nyimbo. Sitinapemphere. Tinatembenuka ndi katundu wathu, Malita akutiyang'ana pa zenera, maso ake ali pa beseni langa. Pofika madzulo nkhani inali m'kamwam'kamwa, ndipo kwa milungu ingapo anyamata a pa siteji ankabwera pa tebulo langa n'kumati ndiwapatseko poizoni wawiri. Ankagula ndithu, ankaseka, nane ndinkaseka nawo. Koma mumtima ndinapsa, ndipo sindinazizire.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti mwana anayamba kuchira. Patapita miyezi itatu mimba inaphwa, masaya anabwera, tsitsi linayamba kuda. Anayamba kutuluka kukasewera waida ndi anzake, ndipo ankalumpha mpaka chingwe chitafika m'chiuno. Ba Nkhoma anamulembetsa sukulu, anamusokera yunifolomu, ndipo m'mawa uliwonse ankamukulungira kagawo ka buledi wake uja m'pepala. Anthu sanati mkuluyo ananena zoona. Ena ankati matenda aja amatero, amapumula kenako n'kubweranso. Ena ankanong'ona kuti munthu wosinja yekha, wokana chakudya cha tchalitchi, pali chimene amathira m'chitinimo. Ine sindinakhulupirire za ufitizo, koma sindinazitsutsenso. Zinkandikomera kumva.

Chiwaya changa chinali pafupi ndi mpanda, ndipo m'mawa uliwonse fungo la vitumbuwa linkawolokera kwawo. Malita ankabwera kudzaima pamene malata awiri sanakumane bwino. Sankapempha, agogo ake anamulera mwaulemu. Ankangoima n'kumayang'ana mafuta akuwira. Tsiku lina ba Nkhoma atapita ku msika, ananena motsitsa mawu kuti, "Ba anti, vinunkhila bwino."

Ndinanyema chitumbuwa pakati n'kumupatsira pa mpatapo. Ndinadziuza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, kuti mwana wamasiye amene mwina masiku ake ndi owerengeka sayenera kumanidwa kanthu kakang'ono ngati kameneka. Chifundo chinalipo, sindikana. Koma pansi pa chifundocho panali china. Ndinkafuna kuona mwanayo akudya za m'manja mwanga n'kudzuka bwinobwino, kuti tsiku lina ndidzamuuze mkulu uja pagulu kuti poizoni uja mdzukulu wanu wakhala akudya mwezi wathunthu. Anadya mofulumira, ananyambita zala, ndipo ine ndinamuuza mawu amene ndimawamvabe mpaka lero: "Usauze agogo. Ukabauza bazakumenya, na ine bazanizonda."

Mawa lake anapita ku sukulu ali bwinobwino, ndipo ine ndinakazinga ndikuimba. Ndinamupatsanso, tsopano chathunthu, nthawi zina ndi sikono. Pa mlungu wachiwiri anayamba kudandaula m'mimba. Ndinati ndi dzinja, ana onse a pa mzere akutsegula m'mimba chifukwa cha madzi, ndipo ndinapitiriza. Pa mlungu wachinayi anasiya sukulu. Ndinaleka kumupatsa tsiku limene ndinaona ba Nkhoma atamubereka kumbuyo ndi chitenje cha malemu akazi awo, akupita naye ku chimbudzi chifukwa miyendo inali itakana. Ndinaleka, koma thupi la mwana linali litabwerera kumene linachokera, ndipo ulendo uno linatsika mofulumira kuposa kale.

Mkuluyo anasowa pogwira. Anatsuka mtondo ndi madzi owira, anataya soda n'kugula wina, analeka mkaka, analeka mazira, anawotcha kansalu kofinyira maungu. Anapita ku sukulu kukafunsa aphunzitsi ngati anzake amamugawira zakudya. Ndipo masana ena, ine ndikukanda fulawa kuseri kwa mpanda, ndinawamva akumufunsa mwanayo mofatsa, mawu amene sindinawamvepo akulankhula ndi munthu wina aliyense.

"Malita, mayi wanga, sindikukwapula. Pali amene anakupatsa kanthu? Bisiketi, sikono, kalikonse?"

Manja anga anali mu fulawa, osayenda.

"Iyayi, agogo."

Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri anasunga pangano. Ine, mayi wa ana anayi, wovala yunifolomu ya tchalitchi, ndinapitiriza kukanda.

Nkhani inamupeza Kelvin ku George. Anabwera Lamlungu masana ndi minibasi yake, ali ndi mkazi wake watsopano ndi mkulu wina wa ku tchalitchi chawo cha mu tenti. Anthu anadzaza pa msewu. Kelvin sanali munthu woipa, ndiyenera kunena zimenezi. Atamuona mwana wake pa mphasa analira, ndipo mkwiyo wake unachokera m'misozi imeneyo. Anatenga chitini pa tebulo, ananyema bulediyo, anaona timadontho tobiriwira tija.

"Apongozi, ivi ndiye vamene mupasa mwana wanga? Buledi ya maungu? Mwana adwala, afunika vakudya va zoona, imwe mumukaniza na tiyi ya buledi. Nimutenga lelo."

Ba Nkhoma anayamba ndi mwambo, kuti kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Kelvin anati kuno ndi ku Lusaka. Kenako mkuluyo anachita chimene sindinaganizepo kuti angachite. Anagwada pa fumbi ndi jekete yoyera ija, pamaso pa mkamwini wake, n'kupempha mwezi umodzi. Anati pali penapake pamene tirigu walowera, sakudziwa kuti ndi pati, koma akapapeza mwana adzadzukanso monga anadzukira poyamba. Anati anthu onsewa anamuona akulumpha chingwe, awafunse.

Kelvin anayang'ana gulu. Kenako maso ake anafika pa ine, chifukwa ndinaima pa geti langa.

"Ba mayo, imwe muli pafupi. Niuzeni zoona. Ni chani chamene chachitika kuli uyu mwana?"

Ba Nkhoma nawonso anatembenuka ali chigwadire n'kundiyang'ana, osati mondikayikira, koma ngati munthu amene wapeza mboni. Malita anali m'manja mwa mayi ake omupeza, nayenso maso ali pa ine. Mawu anali okonzeka pakamwa panga, ndipo anali ochepa. Koma ndinaona amake Tembo, ndinaona anyamata a pa siteji, ndinaona tebulo langa la masikono ndi dzina limene likanandimamatira moyo wanga wonse.

"Ine siniziba va mu nyumba ya bene," ndinatero.

Kelvin anamutenga mwanayo. Ba Nkhoma anathamangira m'nyumba, anakulunga buledi amene anatsala m'nsalu, analemba papepala zimene mwana sayenera kudya, n'kupereka pa zenera la minibasi. Mkazi wa Kelvin analandira mwaulemu. Anthu amene anali kumapeto kwa msewu anati mtolowo unatayidwa m'ngalande galimoto isanakhote.

Ku George anamusamala monga ife tonse timadziwira kusamala wodwala. Mayi womupeza uja sanali wankhanza, ankadzimana kuti Malita amwe tiyi wa mkaka ndi buledi wofewa m'mawa ndi madzulo, ndipo a ku tchalitchi chawo ankabwera ndi mabanzi ndi mabisiketi. Ba Nkhoma anapalasa njinga kawiri kudutsa tauni yonse, chitini chili pa keriyala, ndipo kawiri konse anawabweza pa geti. Malita anamwalira nyengo yozizira isanathe. Pa maliro mkuluyo anamukhazika kumbuyo, ndipo sanapatsidwe mpata wolankhula. Atabwerako anazula maungu onse kuseri kwa nyumba. Sanaphikenso buledi, koma fulawa sanalolebe kuti alowe pakhomo pawo, ngakhale panalibenso womuteteza.

Mwana wanga Sitela anadzaphunzira unamwino, ndipo tsiku lina ndinamufunsa ngati kuti ndikungocheza. Anati matendawo alipodi, sasankha khungu, kungoti kuno sitiwafufuza. Anati mu tirigu muli kanthu kamene kamapangitsa fulawa kutamuka, ndipo kwa anthu ena kameneko kamapala matumbo, ngakhale kachepe bwanji. Ndadziuza kambirimbiri kuti mwina Malita analinso ndi matenda a amake, kuti mwina akanapitabe. Palibe anamuyeza, ndiye palibe angadziwe. Koma ine ndinamuona akulumpha chingwe, ndipo ndikudziwa tsiku limene anayamba kutsika, chifukwa ndinalipo.

Ba Nkhoma anakhala zaka khumi ndi chimodzi pambuyo pake. Atayamba kufooka ndinali ine wowaphikira phala, wowachapira, wowatengera madzi. Anthu ankanditama kuti ndili ndi mtima wa Chikhristu, kusamala munthu amene anandinyoza pagulu. Kangapo ndinalowa m'nyumbamo nditatsimikiza kuti lero ndinena, ndipo nthawi zonse ndinkatuluka nditangofunsa ngati phala lili ndi mchere wokwanira.

Masiku atatu asanamwalire ndinawapeza masana ali maso, mutu uli bwinobwino. Anandiuza kuti ndikhale pansi. Anati zaka zonsezi akhala akufufuza pamene analakwitsa, ndipo anapapeza kalekale, kungoti manyazi anawatseka pakamwa. Mwezi umene Malita anayambiranso kudwala, phewa linkawapweteka, ndipo kamodzi kokha, m'malo mosinja, anagula ufa wa mpunga wogayagaya pa msika. Ankakhulupirira kuti wogulitsayo anasakanizamo fulawa.

"Ndinaopa musi, amake Sitela. Phewa lokha. Mwana anandikhulupirira, ine ndinamupha ndi ulesi."

Analira mopanda mawu. Kenako anagwira dzanja langa n'kunena kuti pali chinanso. Anati tsiku lija la chigwirizano analankhula moipa, masikono anga sanayenere kuwatchula dzina limene lija pagulu, ndipo anapempha kuti ndiwakhululukire asanapite.

Panalibe gulu tsiku limenelo, panalibe amake Tembo kapena anyamata a pa siteji. Tinali awiri. Ndikanawachotsera katundu amene anasenza zaka khumi ndi chimodzi, ndipo akanapita akudziwa kuti buledi wawo sanalakwe. Ndinaopa nkhope yawo. Ndinaopa kuti achotsa dzanja lawo m'dzanja langa.

"Nakukhululukilani, ba Nkhoma," ndinatero. "Musaziweluze. Mulungu ndiye aziba."

Anandithokoza. Ndinawakonzera bulangete n'kutenga mbale.

Mwana wawo wamwamuna, amene amakhala ku Kitwe, anabwera pa maliro, ndipo Lolemba anakweza bedi, njinga ndi mipando pa galimoto. Nyumba akufuna kuikamo alendi mwezi wa mawa. Makiyi anasiyira ine, kuti ndisese. Ndinalowamo dzulo m'mawa. Zipinda ziwiri zija zikuoneka zazikulu tsopano, ndipo mawu amamveka ngati uli m'tchalitchi chopanda anthu. Pakhoma patsala misomali, ndi malo oyera pamene panali kalendala. Pa zenera la kuchipinda palibe katani, dzuwa limangolowa mpaka pakati.

Masiku atatu a maliro amayi anagona m'nyumbamo, ndipo m'mawa uliwonse ankamwa tiyi momwemo. A komiti ya maliro anapempha ine kuti ndiphike masikono, poti ndine wapafupi, ndipo sindinapeze chifukwa chokanira. Choncho pansi ponse, kuyambira pa khomo mpaka kuchipinda kumene Malita ankagona, panali nyenyeswa, zina zitapondedwa n'kulowa m'ming'alu ya simenti, nyerere zikuzikoka pamzere. Ndinasesa kawiri. Za m'ming'alu sizinachoke ndi tsache, ndiye ndinagwada n'kuyamba kuzitokosa ndi kamtengo, imodzi imodzi. Amake Tembo anadutsa, anasuzumira pakhomo, n'kundiuza kuti ndisadzivutitse, alendi adzakolopa okha. Ndinawayankha kuti ndatsala pang'ono.